Masamba a Maliro pa Msewu wa ku Hillhead

Amene analipo tsiku limenelo ndi awa. Ine mwini, a Mbewe. Mayi Nachuma a kumpingo kwathu, amene amayambitsa nyimbo ngakhale palibe wawapempha. A Gondwe, namwino wopuma. Mtsikana wa payunivesite dzina lake Imani, wa ku Amerika, mwini msonkhano, ndi anzake onyamula zikwangwani. Panalinso mzungu wokalamba wa galu, amene mpaka lero sitikudziwa ngati anali nafe kapena ankadikira basi. Mwana wanga Limbani panalibe. Anali kuntchito yake ya uinjiniya, akuganiza kuti ndapita kokayezetsa maso.

Imani uja anabwera kutchalitchi kwathu titamaliza mapemphero. Anati kwawo kuli anthu akuda amene anamangidwa ali anyamata pomenyera ufulu wa anzawo, ndipo lero imvi zili mbuu adakali m'ndende. Lamulo limalola kuti munthu akakhalitsa apemphe kukamalizira kunyumba, akuti paroli, koma iwo akapempha amawakana, akapemphanso amawakananso. Mmodzi anali atamwalira sabata yomweyo akudikirabe yankho. Ndiye anatiitanira kumsonkhano wowadandaulira, pamsewu wa ku Hillhead.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, zilembo zangazi mukuziona nokha. Koma ndende ndinaiphunzira mpaka pamwamba, nthawi ya chipani chimodzi. Ndinaimirira n'kunena kuti ndidzabwera, ndipo ndikanena ine, wakhala kumbuyo safunsa kuti atiji.

Limbani atamva anandikhazika pansi. "Ababa, mapepala anu okhalira m'dziko muno ali ku ofesi, akuwaunika. Apolisi akangokulemberani mlandu, basi, mukubwerera kumudzi. Adzukuluwa muzidzawaonera pafoni."

Ndinati ndamva. Ndipo kumvako ndinamvadi.

Linali Lachinayi, mwezi wa Juni. Ndinaganiza kuti ana awa akuti msonkhano, koma munthu wamwalira, ndiye kuti ndi maliro. Nanga maliro opanda masamba pamsewu munawaonapo kuti? Ndinathyola nthambi kumpanda wa aneba athu ku Maryhill, kumene timakhala kuno kwa azungu, mtolo wabwino ndithu, n'kukwera nazo basi. Dalaivala anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso, nkhani inathera pomwepo.

Nditafika ku Hillhead ndinapeza anawo aunjikana m'mbali mwa msewu ngati akubisala mvula, akulankhula motsitsa. Ndinadutsa pakati pawo n'kuyala masamba anga kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo. Ndinayenda pang'ono n'kuyala mzere wachiwiri, monga timachitira.

"A Mbewe, kuno si ku Dedza," anatero a Gondwe.

"Imfa ili ndi ku Dedza kwake?"

Mayi Nachuma anayambitsa nyimbo ya maliro. Magalimoto anayamba kuyenda pang'onopang'ono, basi inaima, mzere unakula. Ndinati mumtima, aa, anthu akuno ulemu ali nawo, amangosowa wowauza. Ena ankaliza mahutala, ndinaona ngati akutipepesa. Mzungu wa galu uja anavula chipewa, ngakhale mwina kunali kutentha.

Kenaka kunatulukira mnyamata wa njinga, wovala zothina ngati chule, n'kupondaponda masambawo osatsika. Pamenepo ndiye magazi anandikwera. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri. "Tsika! Pamaliro timakankha njinga! Anakulera ndani iwe?" Iye kukuwa Chizungu, ine kukuwa Chichewa, ndipo musandifunse amene ankamveka.

Apolisi anafika awiri, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo anati ndisiye njinga ndi kuchotsa nthambi. Njinga ndinaisiya. Nthambi ndinakana, n'kukhala pansi pakati pa msewu. Anandipempha, anandipemphanso. Kenaka anandikweza m'galimoto atandigwira mutu kuti ndisagunde chitseko. Kale ankatigwiranso mutu pokwera, koma cholinga chinali china.

Kupolisi, asanatsegule pakamwa, ndinali nditavula kale nsapato ndi lamba, ndaika patebulo, ndakhala pansi pasimenti miyendo nditatambasula. Sajeni anasuzumira pamwamba pa tebulo lake.

"Bambo, munayamba mwafikapo kuno?"

"Osati kuno. Kwa eni ake ntchitoyi."

Anandidzutsa n'kundipatsa mpando. Anafunsa ngati ndimamwa mankhwala, ngati ndikufuna loya, ngati pali chakudya chimene sindidya. Ndinakhumudwa ndithu. Kumanga munthu wamkulu ngati ine n'kumamufunsa za shuga wa mutiyi? Chipinda chimene anandiika chinali ndi matilesi, bulangete, ndi batani loitanira wapolisi ngati uli kuhotela.

Koma chitseko chitatsekeka, mawu ake anali omwe aja. Ndinakhala pamatilesipo, ndipo tiyi uja anazizira m'manja. Ndinkaganiza za adzukulu anga, amene ndimawaperekeza kusukulu m'mawa uliwonse, iwo akundiyankha Chizungu chothamanga chimene ndimamva theka.

Pondifunsa mafunso anabweretsa womasulira wa pafoni, mayi wa kwathu. Wapolisi wamkazi uja anati ndifotokoze za nthambi. Nditangotchula maliro, mayi wa pafoniyo anaiwala ntchito.

"Ayi pepani, bambo. Atisiya ndani?"

"Wachibale wa ku Amerika."

"Anadwala nthawi yaitali?"

Wapolisi anagogoda patebulo kufunsa zimene tikukambirana. Kenaka anafunsa dzina la wachibaleyo ndi ubale wathu. Ndinati dzina limandivuta kutchula, ndipo nkhope yake ndaionera pachikwangwani lero lomwe. Anaika cholembera pansi.

"Ndiye mwatseka msewu chifukwa cha munthu amene simukumudziwa?"

Ndinamuuza. Ndinati kale kundende kwathu, m'chipinda chimene tinkagona mosinthana chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndinali ndi mnzanga. Dzina sindimutchula, ana ake alipo. Tsiku lina anamuitana kukayankha mafunso, anabwerako atamunyamula, ndipo m'mawa sanadzuke. Woyang'anira anati, "Uyu wathawa ntchito." Anamutulutsa m'bulangete, bulangetelo n'kulibweza. Nditatuluka ndinamva kuti mkazi wake anauzidwa kuti akangolira mokweza, naye alowa. Pamsewu wa kwawo sipanagwe ngakhale tsamba limodzi. Njinga zinkangodutsa.

Wapolisi anaigwedeza foni kuona ngati yaduka. Kenaka mayi uja anamasulira.

Anandibwezera m'chipinda muja. Madzulo, dzuwa la kuno likanali pamwamba, sajeni anatsegula. Anati mnyamata wa njinga wakana kudandaula, akuti angofuna asadzakumanenso nane. Mlandu sulembedwa. Koma ndisadzagwirenso njinga ya munthu, ndipo msewu ndi wa magalimoto. Ndinafunsa za nthambi zanga. Anati zinatayidwa. Ndinati ndi za aneba. Anati zimenezo ndikathane nazo ndekha.

Ndinavala nsapato ndili chiimire. Ine ndamangidwa kawiri pamoyo wanga, ndipo kawiri konse ndatuluka ndi miyendo yanga, ulendo uno tsiku lomwelo. Anzathu a ku Amerika aja analowa tsitsi lili bii. Amavala bwino, amakaima pamaso pa akuluakulu, amayankha mwaulemu, n'kubwerera kuchitseko chomwe chija. Ufulu ine sindidziwa kuulemba bwino. Ndimangodziwa kuti ndi kutuluka pakhomo wina akukudikira panja.

Panja panali Limbani, atavala jekete la kuntchito, nkhope ili gwa. A Gondwe ndi amene anamuimbira. Anali atakhala pabenchi yolandirira alendo masana onse, ndipo wapolisi wamkazi uja anali atamufotokozera zonse, ndi za mnzanga zomwe, zimene ine sindinamuuzepo chibadwire chake. Tinakwera galimoto. Ine ndinakonzeka kukalipiridwa, mayankho ndinali nawo kale. Tinadutsa mlatho wa pangalande, tinafika pakhomo, anazimitsa injini. Mpanda wa aneba unkaoneka ngati mutu wometedwa ndi mwana. Anauyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi chala.

"Ababa, aneba mukapepese nokha, ine sindipitako. Ndipo musadzakhalenso pamsewu, chonde, mapepala anu ndi osalimba. Anga ndi akuno. Akadzamwaliranso wina asanamutulutse, masambawo ndidzayala ndine. Inu mudzaime m'mbali muzikuwa, poti mawuwo muli nawo."