Amchira ndi Kajekete Kachikasu

Loweruka lililonse m'mamawa, anthu a bungwe la opalasa njinga amakumana pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi msika waukulu. Amakhalapo ngati makumi atatu: aphunzitsi, a kubanki, makanika awiri, anamwino. Oyamba kufika amakhala mayi ena osoka zovala, a zaka makumi asanu ndi chimodzi, amene aliyense amawatchula kuti Amchira. Amalawira chifukwa pamakhala matayala a anthu oti awatsine, aone ngati muli mpweya. Eni matayalawo nthawi imeneyo amakhala akujambulana.

Dzinalo linabwera ndi kajekete. Bungweli lili ndi lamulo labwino lakuti munthu asasiyidwe yekha pamsewu. Choncho mmodzi amapalasa kumbuyo kwenikweni atavala kajekete kachikasu, atanyamula chikwama cha pampu, zigamba, sulushoni ndi masipanala. Tayala la wina likaphwa, iye amaima. Wina akapuma wefuwefu pachitunda, iye amadikira. Ndipo pofuna kupewa mkangano, oyambitsa bungwe anagwirizana kuti kajeketeko kazivalidwa ndi amene anafika pomalizira sabata yapitayo.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, tsiku lawo loyamba, mayiwa anafika pomalizira, poti njinga inali yobwereka ndipo chishalo chinali chachitali. Anawaveka kajekete anthu akuomba m'manja. Sabata yotsatira anafikanso pomalizira, pakuti ntchito ya wovala kajekete ndi kufika pomalizira. Mwa anthu onse ophunzira bwino aja, panalibe amene anaonapo vuto.

Amchira anakadandaula kumsonkhano katatu. Atcheya a bungwe, bambo oulemu amene amalankhula ngati akuwerenga kalata, anawayankha chimodzimodzi katatu konse.

"Mayi, lamulo tinaika tonse. Tsiku limene mudzafike msanga, tidzakuvulani."

"Nanga ndifika bwanji msanga ndikudikira anthu?"

"Imeneyo tiikamba kumapeto."

Kumapeto kwa msonkhano anthu amakhala ataimirira kale, makiyi ali m'manja.

Kajeketeko amachapa ndi Amchira. Timizere take towala anasokereranso kawiri. Mkati mwa sabata, pa tebulo lodulirapo nsalu m'kashopu kawo, amadula machubu akale kukhala zigamba, zazikulu mbali iyi, zazing'ono mbali iyo. Makabudula a mamembala akang'ambika amabweranso komweko, ndi mawu akuti "mungogwirako pang'ono". Mng'ono wawo, amene amasoka naye limodzi, amangoyang'ana pamwamba pa makina.

"Asisi, kodi bungwe lanuli ndi la njinga kapena ndi sukulu ya mkaka?"

"Soka kolala iyo."

"Ndikusoka. Koma ana anu a ndevu aja muziwauza kuti pampu siluma."

Chimene chinkawapweteka Amchira sichinali ntchitoyo. Chinali chakuti miyendo yawo ankaidziwa. Kawiri pa sabata amadutsa mzinda wonse kukagula nsalu, mipukutu itatu ili pa kaliyala, ndipo chitunda cha kuchipatala amachikwera osatsika. Koma chaka chilichonse kumakhala mpikisano wa mabungwe onse a njinga mumzindamo, ndipo bungwe lawo limatumiza amayi asanu, osankhidwa pa ulendo woyesera wa makilomita makumi asanu ndi limodzi. Pa ulendo woyeserawo iwo amakhala kumbuyo, ndi pampu. Tsiku la mpikisano amaima m'mbali mwa msewu kugawa madzi. Chaka chino bondo lamanzere linali litayamba kulira akamadzuka pa makina, ndipo ankadziwa kuti mipata yatsala yowerengeka. Ankafuna kamodzi kokha kupachika nambala pamsana.

Tsiku loyesera kunali mphepo yochokera kutsogolo, moti gulu lonse linayenda mothithikana, wina aliyense akubisala kumsana kwa mnzake. Pobwerera, atatsala ndi makilomita khumi, Amchira ankawaona amayi onse asanu ndi awiri patsogolo pawo, osati patali. Pakati pawo ndi gululo panali munthu mmodzi yekha, Aloya, bambo wamtali amene njinga yake ndi yopepuka moti munthu angainyamule ndi chala. Atafika pamlatho, tayala lakumbuyo la Aloya linangoti fuu.

Aloya anatsika, natembenuza njinga, naimirira pambali manja ali m'chiuno, monga amachitira nthawi zonse. Aka kanali kachisanu chaka chino.

Amchira anagwira mabuleki. Anayang'ana tayala, anayang'ana pachitunda pamene misana ya anzawo inkacheperachepera. Kenaka anavula chikwama nachiika pansi pafupi ndi nsapato za Aloya.

"Pampu iyi. Zigamba zili m'kachitini. Mwaonerera mokwanira."

"Mayi, simungatero. Lamulo limanena kuti..."

"Mukandisumire, achimwene."

Anapalasa. Poyamba thupi linadabwa, chifukwa kwa zaka zisanu ndi ziwiri linazolowera kuti Loweruka liziyenda ngati likuperekeza maliro. Pachitunda anaimirira pa mapedulo, bondo likulira, iwo osalisamala. Anapitirira amayi anayi, awiri mwa iwo aphunzitsi. Anapitirira makanika mmodzi, amene anatembenuka kuyang'ana kumbuyo poganiza kuti kwachitika ngozi. Pamaloboti a kumsika anapeza nyali yobiriwira. Atalowa pamalo omwetsera mafuta paja, anali achinayi mwa amayi.

Atcheya anali ataima ndi pepala ndi cholembera. Anayang'ana kajekete, kenaka msewu.

"Aloya ali kuti?"

"Pamlatho."

"Mwawasiya okha?"

"Ndawasiyira pampu."

Atcheya anapukusa mutu, nayamba kufotokoza kuti nkhani ngati iyi imafunika komiti, ndipo nthawi ya munthu amene wasiya udindo wake singangolembedwa chisawawa. Anamwino, amene anafika oyamba ndipo anali akupumirabe m'mwamba, anawadula.

"Atcheya, mwawaona ndi maso anu akulowa. Lembani. Kapena ndipatseni cholembera, ine ndimalemba tsiku lonse."

Amayi ena awiri anasendera pafupi. Atcheya analemba, pang'onopang'ono, pa mzere wachinayi.

Zitatha izo panatsala nkhani ya Aloya. Pamalopo panali magalimoto asanu ndi limodzi a mamembala, atatu mwa iwo okhala ndi zitsulo zonyamulira njinga. Wina anati foni ya Aloya ikungoitana. Wina anati ndithu wina apite. Wina anali ndi ukwati woti akakhaleko. Amchira anamwa madzi awo akuyang'ana anthu akuluakulu akufunafuna zinthu m'matumba mwawo. Anadzipatsa mphindi khumi, akudziuza mumtima kuti ulendo uno sasuntha. Zitakwana khumi ndi zisanu, magalimoto awiri atatuluka kulowera kwina, anakweranso njinga. Sanatsanzike aliyense.

Anawapeza Aloya atakhala pansi, malaya onse ali sulushoni. Chigamba anali atachimata bwinobwino, mosamala, pamwamba pa tayala lakunja. Chubu sanachitulutse n'komwe.

"Mwabwera, mayi. Ndikupopa koma sikukhuta."

Amchira anatsamiritsa njinga yawo, nakhala pa khoma la mlatho. Manja anawalowetsa pansi pa ntchafu n'kuwakhalira, chifukwa ankawadziwa kuti akangowasiya apita okha ku tayala.

"Matulani icho. Tengani tizitsulo tiwiri tija, mulowetse m'mphepete mwa limu."

"Titi?"

"Tili m'manja mwanu."

Aloya anayesa. Kachitsulo kanadumpha n'kugwera mu udzu. Anakatola, nayesanso, nadzipana chala.

"Inu mukanangochita, bwenzi titatha kale."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tichedwa."

"Ine ndafika kale," anatero Amchira. "Tulutsani chubu, mupope pang'ono, muyike pafupi ndi tsaya mumve pamene pakutuluka mpweya. Ayi, tsaya lanu, achimwene. Langa lili pa tchuthi."