Amalume ndi chifuwa cha galimoto yawo

Lachitatu lapitali ndinakwera njinga m'mamawa kupita kwa amalume anga a Zuze, kufupi ndi Mualadzi. Anandituma ndi amayi. Anamva kuti akazi a amalumewo, aNabanda, akudwala chifuwa chosatha, ndiye amati ndikawaone.

Ndinapeza amalume atatsegula kutsogolo kwa galimoto yawo, mutu uli m'kati.

Galimoto imeneyi ndi yaikulu kwa ine. Amalume ankaiyendetsa ali motorisita wa ku mishoni, ndipo a padiri atagula ina, yakaleyo anawasiyira. Utoto unasuwa kalekale, koma nsalu imene amaipukutira ndi yoyera kuposa yopukutira nkhope yawo.

"Mwadzuka bwanji, malume?"

"Ine ndadzuka, mphwanga. Koma uyu sanadzuke bwino. Tamvera."

Analiza. Motori inatsokomola, inalavula utsi wakuda bii, kenako zii.

"Wamva? Akutsamwa. Ndi afogadori."

Kwa inu amene munabadwa galimoto zitayamba kudzidziwira zokha zochita, afogadori ndi kachikoka kamene kali pafupi ndi chiwongolero. Kukazizira umakakoka, ndipo waya wake amatseka kachitseko ka mpweya pakamwa pa karburadori, mosakanizirana mpweya ndi mafuta, kuti motori imwe gazolina wambiri, idzuke. Ikafunda umakankhira m'kati, kachitseko n'kutseguka. Kwa amalume wayayo anali atapulumuka pa parafuzu yake, kamsomali kopotokola komugwira, choncho kachitseko sikankatsegukanso konse.

Pakhonde panali aNabanda, atafunda nsalu ziwiri za kapulana, akutong'ola chimanga m'lichero. Nawonso ankatsokomola, chifuwa chochokera pansi penipeni.

"Nanga azakhali?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Chisanu chabe. Ndawauza amwe madzi a mandimu. Lowa m'galimotomo, ugwire kachikokako."

Ndinalowa. Amalume anamasula parafuzu, n'kuimika kachitseko ndi chala. "Kankha. Osati mpaka kumapeto, siyako kampata ngati chikhadabo. Bweza pang'ono. Iwe, ukukoka ngati ukuzula chinangwa!" Ankalankhula ndi karburadoriyo monyengerera, ngati munthu wodyetsa mwana phala.

Apo m'pamene aNabanda anaponya mawu ali pakhonde.

"Usadabwe, mwanawe. Pakhomo pano ine ndine mkazi wamng'ono. Wamkulu ndi wa matayalayo. Akangoti kho kamodzi, bambo ali kale ndi zitsulo m'manja. Ine kaya ndiyambe kutulutsa utsi wakuda kuti andimve."

Ndinaseka, iwonso anaseka. Koma kusekako kunasanduka chifuwa chimene chinawapinda pakati, lichero linapendekeka, chimanga mbwee pansi. Nkhuku zinathamangira.

Dzanja la amalume linaima. Anapendeketsa mutu, khutu limodzi m'mwamba, monga momwe amachitira pomvetsera motori. Anamanga parafuzu ija mofulumira, n'kuliza. Galimoto inadzuka, itafunda anakankha kachikoka, ndipo inayamba kulira mosalala, utsi osaoneka.

Kenako anapukuta m'manja, maso ali kumbali.

"Afogadori sayesedwa pabwalo. Pafunika ulendo wautali, mpaka ku Chifunde. Ndiponso galimoto yopanda katundu imanamiza. ANabanda, kavaleni, mukhale kutsogolo."

"Ndiye ndasanduka katundu tsopano?"

Anatero, koma anapita kukavala.

Njira yonse amalume ankazemba maenje mwaulemu umene sindinauonepo. Kuchipatala namwino atawapima aNabanda ananena kuti ndi chibayo chimene chayamba, ndipo akanachedwanso nkhani ikanakhala ina. Anawapatsa mankhwala, n'kutembenukira kwa amalume: "Bambo, mwachedweranji chonchi?"

Amalume anayamba kuyang'anitsitsa chipewa chawo. Anawayankhira ndi akazi awo: "Tinali ndi wodwala wina kunyumba, mayi. Tinayamba taona ameneyo."

Pobwerera palibe amene anatchula za afogadori.

Musawaseke kwambiri amalume anga, chifukwa ali ndi abale ambiri m'boma lino. Khalani pamsika wa Chifunde muone. Mota, njinga yamoto, ikamabwera patali, isanaoneke n'komwe, amuna a pamthunzi ayamba kale kuipima: uyu akuti vela yoyatsa moto m'motori yatha, uyo akuti tcheni chakhwefuka. Mlimi wa ku Nsadzo amadziwa kuti ng'ombe yake yayamba kutsimphina mwendo uti, ili tsidya la dambo. Makutu tili nawo, akuthwa ndithu. Nanga amagonthera pati tikalowa m'nyumba?

Sindikuti amuna amenewa sakonda akazi awo. Ndinaiona nkhope ya amalume pamene lichero linkagwa. Kungoti chitsulo n'chosavuta kuchisamala: umachitsegula, umaona chavuta, umamanga. Munthu ndiye umayenera kumufunsa, ndipo yankho lake likhoza kukuopsa. Ndiye timathawira ku madzi a mandimu.

Komanso galimoto ili ndi nzeru imene amayi athu alibe: sidziwa kupirira. Ikadwala imaima pomwepo, ngakhale pakati pa msewu, aliyense aone. Mayi akadwala amadzuka, amatunga madzi, amapita kumunda, ndipo mukawafunsa amati, "Ndilipo." Ife timamva "ndilipo" ameneyo mokondwa, chifukwa ndi yankho lotipeputsira ntchito.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'zoona. Koma wagona pafupi ndi chitsekocho, akumva mnzake akubuula, azingodzigonetsa dala?

Ndipo taonani manyazi athu. Munthu wamkulu, wa imvi, kuti anene kuti "mkazi wanga, ndikuda nkhawa, tiye kuchipatala," mpaka anamizire karburadori! Ndikuyamika kuti anapeza chonamizira. Koma si aliyense ali ndi galimoto yakale yoti imulankhulire.

ANabanda akupezako bwino. Dzulo amayi anakawazonda, anakapeza amalume akuwaphikira tiyi okha, akudandaula kuti nkhuni za masiku ano zimafuka utsi wambiri.

Inu a mota, a njinga, a ngolo, madzulo ano mukafika pakhomo, ikani zitsulo pansi, mukhale pakhonde kanthawi osalankhula. Ndani akutsokomola m'nyumbamo, ndipo anayamba liti?