Masamba a msau wa mkazi wanga

Tsiku limenelo mvula inagwa m'mamawa, yochepa chabe, yongokwanira kudzutsa fungo la dothi ndi malasha, ndipo pofika masana dzuwa la ku Moatize linali litaumitsa kale zonse. Kumgodi kunalira lipenga lochenjeza kuti aphulitsa miyala, malata ananjenjemera, kenaka sitima ya malasha inayamba kudutsa ndi kugunda kwake kosatha. Ine ndinali pansi pa msau, ndikulumikiza korona wanga wopempherera amene anaduka, pamene galimoto yoyera inaima pampanda.

Kuno kumudzi wa 25 de Setembro galimoto yoyera sitiilandira ndi mtima wonse. Ambiri tinachokera ku Chipanga, ndipo kusamuka kwathu kunayamba ndi galimoto yotere ndi anthu onyamula mapepala. Koma amene anatsika anali mayi mmodzi wa chipewa chachikulu, wochokera ku univesidadi. Sanayang'ane nyumba. Anayang'ana mtengo.

Ku Chipanga, kuseri kwa munda wathu, kunali misau ingapo yobala zipatso zazikulu, zotsekemera zisanaume n'komwe. Tsiku losamuka ena anatsogoza mbuzi ndi mipando, koma mkazi wanga anamanga njere za masau pansonga ya kapulana, chitenje chake. Anadzala zambiri, unamera umodzi. Iye ankati msau wotere kulibenso kwina, ndipo ine sindinkamutsutsa, chifukwa m'zaka zonse za ukwati wathu sindinapindulepo ndi kumutsutsa. Anadya zipatso zake nyengo ziwiri, Ambuye n'kumutenga. Pamene panali misau ija pano ndi dzenje loti galimoto ya malasha ikakhala pansi pake imaoneka ngati chikumbu. Unatsala uno wokha. Ndipo mwana wanga wa ku Beira anali atanena kale, mwaulemu ndithu, kuti pamalo pamenepa padzakhala bwino chipinda cha alendo. Ndinkadziwa kuti akungodikira ndisamuke kachiwiri, ulendo uja supita ndi katundu, nkhwangwa n'kulowa.

A Dotora, monga tonse tinayamba kuwatchulira, anakhala pampando umene ndinawapatsa.

"Abambo, m'tsamba lililonse muli zolembedwa," anatero. "Zili ngati buku la ubatizo ku parokiya. Tikaliwerenga ndi makina timadziwa kuti mtengo uwu ndi mbale wa uti. Tikujambula mapa ya misau kuchokera ku Zambezi kukafika ku Zóbuè. Umene tidzaupeze kuti watsala wopanda abale, tidzadulako timphukira n'kukamezanitsa m'munda wosungiramo mitengo."

"Kumene munthu sangaudule?"

"Kumene munthu sangaudule."

Ndinathyola ndekha masamba asanu. Iwo anawaika mu envelopi yokhala ndi timiyala toyera toumitsira, n'kulembapo nambala.

Galimoto yoyera siima yokha nthawi yaitali. Pampanda panali patafika kale alamu anga, mchimwene wa malemu mkazi wanga, amene anabadwira ku Zóbuè, ndi akumpadre anga, amene anaimirira mwana wanga paubatizo ndipo amatsogolera kwaya. A Dotora anati mbali ya kumtsinje ayenda okha, koma akufuna anthu awiri odziwa msewu wa kumapiri. Anawapatsa maenvelopi ndi telefoni.

"Mukafika pa msau, dinani apa kuti telefoni ikumbukire malo. Thyolani masamba, ikani umu, lembani nambala. Mitengo isakhale yoyandikana."

"Mayi, musabwereze," anatero alamu anga. "Misau ya msewu uwo ndimaidziwa ngati azakhali anga."

Anakwera chapa, kaminibasi ka kuno, Lachinayi, n'kubwera Loweruka ndi thumba la mbatata za kachewere. Lamulungu ndinapita ku Misa ndipo ndinaona kuti akumpadre palibe. Kwaya inasochera, nyimbo ya Ulemu inatha kawiri. Nditabwerera kunyumba ndinapeza msau uli ngati nkhuku yososoledwa mbali imodzi. Ndinaganiza za mbuzi, koma masamba anachoka mpaka pamene mbuzi ikanafunika makwerero. Ine sindifulumira kuweruza. Ndinangosesa totsalira.

Madzulo alamu anabwera, mikono yonse ili yokalikakalika.

"Minga ya ku Zóbuè, alamu. Tavutikira maphunziro a eni ake."

Ndinawapatsa mafuta a malemu kuti adzole. Anadzola, anayang'ana mtengo, anapukusa mutu.

"Mbuzi za masiku ano," anatero.

Masau anapsa, tinayanika, nyengo yozizira inayamba kutha. A Dotora anabweranso ndi pepala lalikulu, n'kuliyala pamphasa. Panali timadontho. Mbali ya kumtsinje tinali ta mitundumitundu, ngati makapulana a amayi pa Pasaka. Koma msewu wonse wa ku Zóbuè unali wofiira, ndipo kadontho ka pabwalo panga kanalinso kofiira.

"Abambo, uthenga wanga si wokoma. Mtundu wa mtengo wanu uli paliponse m'msewu uwu. Wotere sitiusunga, malo ndi ochepa."

Ndinati zikomo. Chimene chinandiwawa sichinali chipinda cha alendo chokha. Chinali chakuti mkazi wanga analakwitsa, ndipo makina anadikira amwalire kuti amutsutse. Alamu ndi akumpadre anali pomwepo. Onse awiri ankayang'anitsitsa nkhuku imene inkapalasa pafupi, ngati sanaonepo nkhuku.

"Koma chilipo chondizunguza," anapitiriza a Dotora. "Mitengo imeneyi si abale chabe. Ili ngati munthu mmodzi wobatizidwa m'maparokiya onse. Sindinaonepo zotere. Mawa tipite tonse ndikaione ndi maso."

Akumpadre anati mawa kuli kuphunzira nyimbo. Alamu anati msana.

"Mipando ya galimoto yanga ndi yofewa, abambo," anatero a Dotora.

Tinanyamuka m'mawa. Telefoni inatiimitsa koyamba tisanatuluke bwino m'fumbi la mgodi. Panali kamsau kopinimbira, kakuda bii, masamba ake ngati zikhadabo za mwana. Panali patatsala tizipatso touma. A Dotora anatola kamodzi, analawa, nkhope inakwinyika. Anayang'ana tsamba, anayang'ana alamu.

"Wasintha ndi nyengo," anatero alamu. "Tinaupeza wonenepa."

Wachiwiri unali wamtali koma wodyedwa ndi mbozi. Wachitatu unali ndi minga yokhayokha. Msewu unayamba kukwera, mphepo inazizira, minda ya kabichi inayamba kuoneka m'madimba, ndipo akumpadre anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'nyengo ya Lenti.

Ku Zóbuè tinasiya galimoto n'kutsata telefoni wapansi. Inatilowetsa mumsika, pakati pa anyezi ndi nyemba, mpaka inati tafika. Panalibe msau. Panalibe mtengo uliwonse. Panali mayi wogulitsa mbatata za kachewere, amene atangoona alamu anamwetulira.

"Mwabweranso, abambo a telefoni? Mbatata zija munazipeza bwanji?"

Akumpadre anavula chipewa. Munthu ameneyu sangathe kusunga tchimo kupitirira Loweruka, tsiku lolapa kwa ansembe, ndipo ili analisunga miyezi.

"A Dotora, mitengo tinafikako ndithu, ndipo tinadina. Kupatula pano. Pano envelopi inatsala imodzi, mtengo osaoneka, chapa ikunyamuka."

"Nanga masamba?"

"Masamba onse ndi a pabwalo pa akumpadre awa," anatero akuloza ine.

Alamu anaona kuti nkhani ikuwonongeka m'kamwa mwa mnzawo, n'kuilanda.

"Mayi, timvetseni. Inu mwachokera kutali. Ife tikupatseni masamba akuda ndi malasha, obowoledwa ndi mbozi, a mitengo yowawasa yoti ngakhale anyani amailambalala? Akawaona anzanu a ku univesidadi akati chiyani za anthu a ku Tete? Tinalawa mtengo uliwonse. Palibe umene unali woyenera mlendo. Ndiye tinati, msau wabwino tikuudziwa, wa mlongo wanga. Ife kwathu mlendo sitimupatsa zotsalira."

"Ndinkafuna zowawasazo," anatero a Dotora motsitsa mawu. "Zowawasa, zopinimbira, zonse. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Simunanene."

A Dotora anakhala pathumba la mbatata, n'kuphimba nkhope ndi chipewa chija. Mapewa ankagwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Mayi wa mbatata anawakupiza ndi katoni, n'kufunsa ine ngati mlendoyu wadya.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo, iwo kumbuyo, ndipo korona ndinamutha kawiri osakumbukira chinsinsi ngakhale chimodzi. Ndinkangoganiza kuti anthu awa anasankha nthawi ya Misa, podziwa kuti ndi nthawi yokhayo imene sindikhala pakhomo.

Mvula itabwera, misau itaphukanso, ntchito inayambira pachiyambi. Ulendo uno a Dotora ankathyola okha, alamu akugwira nthambi za minga, akumpadre akulemba manambala ndi dzanja lawo lokongola lolembera nyimbo. Ndimamva kuti pa mtengo uliwonse alamu ankapepesa m'malo mwa mtengowo.

Kudikira kunali kwautali. Mwana wanga anabwera pa Khirisimasi ndi chingwe choyezera, akuti angoona chabe. Ndinamusiya ayeze.

Mapa yachiwiri inabwera nyengo yozizira. Msewu wa ku Zóbuè unali utadzaza mitundu, ngakhale kamsau kakuda ka kumgodi kanali ndi abale ake. Kofiira kanatsala kamodzi, pabwalo panga.

"Malemu amayi ananena zoona," anatero a Dotora. "Abale ake sitinawapeze kulikonse."

Anadula timphukira ndi mpeni woyera, anatikulunga m'nsalu yonyowa, n'kutiika m'bokosi lozizira. Patapita miyezi ananditumizira chithunzi kudzera pa telefoni ya akumpadre. Panali timitengo tinayi m'mizere, tili ndi masamba atsopano, kalikonse ndi kachikwangwani kake. Ndinayang'ana mpaka telefoni inazima.

Alamu anayamba kuuza anthu kumsika kuti iwo anazindikira mtengo umenewu makina asanauzindikire, ndipo kuti univesidadi inangotsimikiza zonena zawo. Komabe Lamulungu lina, Misa itatha, anabwera awiriwo n'kukhala pamphasa, kukana mipando. Akumpadre anapepesa ndi mawu omveka, kutchula chilichonse, mpaka nyimbo ya Ulemu imene anaisiya yopanda mbusa. Alamu anayamba ndi kuti, "Alamu, ngati pena tinalakwa," n'kuthera pa kufotokoza za ukali wa minga.

Ndinawauza kuti andipatse sabata ndiganize. Sabata itatha ndinawakhululukira.