Mawu Achinayi a Gitala ya Achimwene

Ndinadzuka kusanache, kumzikiti asanayambe n'kuitana komwe. Kunena zoona sikunali kugona kwenikweni. Amayife tinachezera m'nyumba ya siwa titazungulira bokosi la achimwene anga a Bonifasi, tikuimba uku tikusinza, wina akatopa wina n'kuyambitsa nyimbo ina. Abambo anali panja pamoto atadzifunditsa mabulangete, chifukwa mwera unali utayamba dzulo lake, ndipo nyanja inkamveka kukalipa mpaka kwathu kuno, kumtunda kwa Nkope. Ndinatuluka mwakachetechete, ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha zaka zonse zimene anatibwereka munthuyu. Anapita ali wamkulu, ataona ana a ana ake, ndipo sanazunzike nthawi yaitali. Pomaliza ndinapempha chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi kuchitchula m'pemphero. Ndinapempherera gitala.

Achimwene ankaimba gitala yamagetsi imene anabwera nayo kuchokera ku Joni ali mnyamata. Poyamba ankaimba m'mabala a ku Monkey Bay, kenako Ambuye anawakoka, ndipo gitala yomweyo inalowa nawo m'tchalitchi. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma za gitalayi ndinazimva kambirimbiri mpaka zinakhazikika m'mutu. Pansi pa nsambo zake pali timaginito tiwiri totola mawu n'kuwatumiza ku sipika, iwo ankati mapikapu. Ya kufupi ndi khosi imatulutsa mawu ofewa, ya kumunsi mawu akuthwa. Pambali pali siwichi yosankhira. Ukaikankhira kuno imaimba pikapu imodzi, ukaikankhira uko imaimba inayo, ukaiika pakati amaimba onse awiri. Ndiye kuti mawu atatu. Kwa anthu ena atatuwo ndi okwanira, koma achimwene ankati alipo achinayi amene gitalayo ikuwabisira. Ankati awiriwo akamaimba pamodzi amangoima moyandikana, aliyense ndi zake, pamene iwo ankafuna kuti wina azipatsira mawu ake kwa mnzake, atuluke amodzi okhuthala. Anaitanitsa siwichi ya malo anayi, anatsegula kachitsulo kophimba mawaya, anachotsa siwichi yakale. Asanaike yatsopanoyo, matenda anawagwetsa.

Ali m'chipatala anaimbira foni mwana wanga Mwandida, amene amakonza mafoni ndi mawailesi ku Mzuzu. Ndi iwo anamuphunzitsa kuimba gitala ndi kuwotcherera mawaya ali wamng'ono, anthu akuwanena kuti akuononga mtsikana. Ine ndinali pambali pa bedi ndipo ndinamva ndi makutu anga. Anati, "Mwandida, udzandimalizire gitala ija, undiperekeze nayo. Koma usandiperekeze ndi mawu akale." Mwana anavomera. Ndi chifukwa chake ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, pakuti maliro anali a tsiku limenelo, gitala inali chitsegulire, ndipo Mwandida anali akadali m'basi.

Kutayera, moto wa kophikira unayatsidwa kuseri kwa nyumba. Atsikana anapita kumjigo, ena anayamba kusankha nyemba ndi mpunga. Mbuzi anazinga ndi aneba athu achisilamu kuti aliyense adye ndi mtima umodzi, monga timachitira kuno. Asodzi sanalowe m'madzi, ndipo ankaseka okha kuti ulemu wa lero ndi wosavuta, poti ndi mwera wotero sakanapitanso. Lole ya anthu a kwa Mponda inafika itadzaza, amayi ampingo atavala zoyera, mipango ikuuluka. Abale a alamu anga, akazi a malemu, anachokera kumalire ndi thumba la chinangwa panjinga. Kunabwera ndi nkhalamba zina zimene sitinkazidziwa, zinangoti zinkavina nyimbo za malemu kalekale.

Mwandida anafika pa njinga yamoto kuchokera pamene anatsikira basi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Analowa m'nyumba akulira, anagwada pabokosi, ndipo tinalira naye. Atapuma anandinong'oneza kuti gitala ili kuti. Ndinapita naye kuchipinda. Inali pamphasa pamene eni ake anaisiya, mawaya ali lendelende ngati matumbo a nkhuku, siwichi yatsopano ili m'kapu pawindo. Anatulutsa chitsulo chake chowotcherera, n'kuchilumikiza kukhoma. Sichinatenthe. Magetsi anali atazima ndi mphepo ya usiku, ife osadziwa chifukwa tinachezera ndi nyali.

Tili chiimire choncho analowa mchimwene wanga wamng'ono, Yosefe, amene tsopano ndiye mwini mbumba. Si munthu wankhanza, koma amaopa pakamwa pa anthu. Anati tsiku la maliro silikhala la ntchito zamanja, anthu asiya maukonde ndi maokala awo, ndiye akaona mwana wa pabanja pomwe akutokosa gitala adzatiyesa anthu otani. Mwandida anamuuza mawu amene malemu anasiya. Yosefe anakanda mutu. Anati ngati gitalayo ingapezeke ili yokonzeka, iimbidwe popita kumanda, iye sakaniza. Koma adzukulu okumba manda akangotumiza uthenga kuti atha, maliro anyamuka nthawi yomweyo, sadikira munthu. Anawonjezera kuti iye asaone waya ndi mmodzi yemwe.

Atatuluka ndinaganiza kuti pamaliro pali malo amodzi amene abambo safikako. Tinaikulunga gitala m'mphasa, ndinaisenza ngati mtolo wa nkhuni, n'kudutsa nayo pamaso pa anthu onse mpaka kophikira.

Amayi ophika atamva nkhani yake sanafunse zambiri. Mmodzi anasuntha mphika wa nyemba kuti makala aoneke. Mwandida anapeza msomali waukulu, anaupala pamwala mpaka kuwala, anaugwira ndi pulayala n'kuulowetsa m'makala. Anati ukatentha usungunula mtovu wolumikizira mawaya ngati chitsulo chamagetsi chomwe. Vuto linali mwera. Msomali unkatuluka pamoto uli wotentha, koma pofika pa waya unkakhala utazizira, mtovu n'kumangogudubuzika osamata. Mayi wina wachikulire, mnansi wathu wachisilamu, anavula chitenje chapamwamba n'kuitana anzake. Anaima motizungulira atatambasula zitenje, mpanda wa anthu wotchinga mphepo ndi maso omwe. Wodutsa akanayesa kuti mkatimo muli wina wakomoka.

Ine ntchito yanga inali kugwira mawaya pamalo ake. Pikapu iliyonse ili ndi mawaya awiri, ndipo siwichi ili ndi timiyendo tambiri, tating'ono ngati mano a chipeso. Mwandida ankawerenga timiyendoto ndi chala, akuyankhula yekha, n'kundiuza kuti apa amayi, musagwedere. Fungo la mtovu linasakanikirana ndi la nyemba. Kamodzi msomali unandipsereza chala, ndinangoti Yesu, amayi aja n'kuyamba kundiseka kuti munthu wophula mphika ndi manja ndikuopa kamsomali.

Atamaliza analumikiza gitala ku kasipika kabatire ka achimwene, atachepetsa mawu. Munatuluka phokoso ngati njuchi zalowa m'chitini. Anayang'ana bwino, anapeza kuti waya wina wopita ku chitsulo chimene chimagwira nsambo waduka. Anaumata, njuchi zija zinatha. Kenako anatenga supuni n'kumagogoda mapikapu, akusuntha siwichi, kuti amve amene akuyankha. Malo oyamba anayankha bwino, achiwiri bwino, achitatu bwino. Anakankhira pachinayi n'kukhudza nsambo. Mawu amene anatuluka anali owonda, a m'mphuno, ngati udzudzu wodwala chimfine. Amayi a zitenje analephera kudzigwira, mpanda wonse unagwedezeka ndi kuseka. Wina anati ngati ndi amenewa mawu amene malemu ankafuna, bola tingowaimbira pakamwa.

Mwandida yekha sanaseke. Ndinaona misozi ikulengeza. Anati wasemphanitsa mawaya a pikapu imodzi, ndiye m'malo mopatsirana mawu awiriwo akulandana. Kukonza kwake kunali kumatula ndi kumatanso, koma makala anali atazilala chifukwa tinaiwala kusonkhezera.

Nthawi yomweyo tinamva kutsokomola kunja kwa mpanda. Anali mkulu wa adzukulu, mchenga uli m'miyendo, akubweza mbale zimene anadyera anzake kumanda. Kuchoka apo ankapita kwa abambo kukanena kuti manda atha. Anasuzumira pamwamba pa chitenje, anaona gitala, msomali ndi nkhope ya mwana. Adzukulu kwathu kuno ali ndi ufulu woseleula pamaliro, ndipo uyu ndi katswiri. Anafunsa kuti zimenezi ndi ndiwo zanji. Ndinamufotokozera zonse. Anaika mbale pansi n'kunena kuti, "Malemuwa ndi kutchalitchi komwe ankafika mochedwa chifukwa cha gitala yomweyi. Ndiye kumanda afulumire lero?"

Tinamumva akulengeza kwa abambo ndi mawu aulemu kwambiri, kuti akupepesa, ntchito yavuta, apeza mwala. Kumanda kwathu ndi mchenga wokhawokha, ngakhale mwala wonolera mpeni sungaupeze. Ndinasuzumira pakona ya nyumba, ndinaona Yosefe akuyang'ana utsi wa kophikira kwa nthawi ndithu. Kenako anadzuka, anapempha akwaya kuti awonjezere nyimbo, ndipo ananong'oneza wofotokoza mbiri ya malemu kuti asathamange, ayambire ku ubwana.

Tinakupiza makala ndi chivundikiro cha poto. Mwandida anamatula mawaya awiri aja, anawasinthanitsa, anamatanso. Ine ndinatseka maso n'kumangoti Ambuye, inu mukudziwa. Atakhudza nsambo ulendo uno, palibe anaseka. Anali mawu aakulu koma osakalipa, odzaza, otsika mpaka m'chifuwa, ndipo ankachedwa kutha. Mayi wachikulire uja anatsitsa chitenje chake pang'onopang'ono n'kunena kuti Alhamdulillah. Ine ndinati Amen. Mwandida anabwezeretsa kachitsulo kophimba, anamanga tizikuluwu ndi nsonga ya mpeni, ndipo mtsikana wina anathamanga kukauza adzukulu kuti mwala uja ungathe kuchoka tsopano.

Maliro ananyamuka dzuwa litapendeka. Kutsogolo kunali mtanda ndi amayi a nkhata zamaluwa, kenako bokosi pamapewa a anyamata amene ankalandizana osaima. Titafika pa nkhani ya wonyamula sipika, Yosefe anangoitenga n'kuiika paphewa pake osayang'ana munthu. Chingwe chochokera ku gitala chinali chachifupi, choncho malume ndi mwana wa mlongo wake anayenda mogundana mapewa njira yonse, wina akafulumira wina n'kumukoka. Mwandida anaimba nyimbo ya m'buku imene malemu ankaikonda, siwichi ili pachinayi. Mwera unkafuna kuwabalalitsa mawuwo koma ankabwerabe. Akwaya anatsitsa mawu awo kuti gitala imveke. Nkhalamba zija zinkayenda zikugwedeza mitu, ina mpaka inaiwala kuti ili pamaliro n'kuponya phazi. Amayi achisilamu, amene salowa kumanda, anaima pa mlambe wa panjira ndipo sanabwerere mpaka nyimbo inatha.

Kumanda zonse zinayenda mwa dongosolo. Abusa anapemphera, bokosi linatsika, tinaponya dothi. Wina anafunsa adzukulu kuti mwala uja uli kuti, iwo anati auika pansi penipeni, wofuna kuuona adikire tsiku lake. Anthu anaseka akupukuta misozi. Pobwerera tinasamba m'manja pakhomo, anthu anadya, ndipo chakudya chinakwanira mpaka ana a m'njira. Lole ya kwa Mponda inanyamuka ikuimba. Ndikuthokoza onse amene anabwera, a tchalitchi ndi a kumzikiti, Mulungu awabwezere pamene anachotsa.

Madzulo pakhomo panatsala ife apabanja. Mipando yobwereka inali itasanjikizidwa pakhonde, phulusa la kophikira likuzizira. Mwandida anagona pamphasa osavula nsapato. Ine ndinakhala pabalaza ndi alamu anga, amene tsiku lonse sanayankhule kanthu. Gitala inali itatsamira khoma. Anaiyang'ana kwa nthawi, kenako anandifunsa ngati siwichi ikadali pamene mwana anaisiya. Ndinati eya, palibe waikhudza.

Anati, "Alamu, anthu ankawadziwa achimwene anu ngati munthu waphokoso, ndipo analidi. Koma tikatseka chitseko, tili awiri, ankandiyankhula ndi mawu amene mwamva lero aja. Sindinkadziwa kuti ndi amene ankawafunafuna m'mawayamo."

Ndinawagwira dzanja, tinapemphera mwachidule, ndipo tinakhala choncho tikumva mwana akupuma m'tulo.