Maapozi Amene Agogo Anavundika

Mphepo ya Okutobala ikayamba kugwetsa masamba m'misewu ya Maryhill, dera lathu kuno ku Glasgow, mphuno zanga zimabwerera kwa agogo. Ndimamva fungo la shuga wopserera m'mphepete mwa thireyi, la sinamoni ndi la mtedza wokazinga, likutsika masitepe amwala a nyumba yathu mpaka kukafika pakhomo la kumsewu. Ndimawaona ataima pafupi ndi uvuni, manja a malaya oyera atawapinda, magalasi atachita nthunzi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo abesi aja.

Anali agogo aamuna, bambo wa mayi anga. Kwathu ku Mchinji ankadziwika kuti a Phiri a mtedza, mlimi komanso mkulu wa mpingo. Agogo aakazi atamwalira, amayi, amene ankagwira ntchito ya unamwino kuno ku Glasgow, anawaitanitsa kuti adzapumule mtima kwa kanthawi. Kanthawiko kanatalika. Ine ndinali mwana wa pulayimale, womva Chichewa koma woyankha m'Chingerezi cha kuno, chimene agogo ankati chimamveka ngati munthu akulankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

M'sutikesi yawo anabwera ndi chitini chakale cha mkaka chodzaza mtedza wa chalimbana, wosenda, wosankhidwa umodziumodzi m'munda wawo womaliza. Ankachisunga pansi pa bedi. Lamlungu masana ankautsanulira mtedzawo pa nyuzipepala, n'kumaupapasa ndi chala kuona ngati mwalowa tizilombo. Tsiku lina ndinatola kanjere kamodzi kuti nditafune.

"Bweza, Nabanda," anatero, osakalipa. "Uwu si wodya. Ndi mbewu. Ndikabwerera, mvula yoyamba ikangogwa, ulowa m'nthaka."

Kuseri kwa nyumba yathu kunali bwalo la ife tonse okhalamo, loyanikirapo zovala, ndipo pakona pake panali kadimba ka Mayi Kerr, mayi wamasiye wa kuno amene ankakhala m'fulati yapansi. M'kadimbamo munali mtengo wa maapozi umene malemu amuna awo anadzala adakali pantchito yokonza sitima ku Springburn. Mayi Kerr ankayenda ndi ndodo, ndipo udzu unali utafika m'mawondo. Agogo anauyang'ana udzuwo pawindo mpaka mtima unakana. Anavala jekete, n'kukaima pakhomo la mayiwo, n'kunena kuti odi, ngakhale kuti panali belu. Kuchokera pamenepo m'mawa uliwonse ankagwada pansi pa mtengo uja, kuzula udzu, kuunjikira dothi patsinde, kudula nthambi zouma, akuuzazira mtengowo m'Chichewa ngati mbuzi yosamva. Mayi Kerr anawauza kuti zipatso za chaka chimenecho ndi zawo, popeza ndi iwo anazigwirira ntchito.

Kutchalitchi atalengeza za tsiku la Masika, amayi anabwera kuchokera kusitolo ndi thumba la zitini za nyemba ndi za supu, n'kuziika patebulo. Agogo ananyamula chimodzi, n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Naphiri, zitini izi mwalima kuti?"

"Bambo, kuno anthu amapereka zimenezi. Zimapita kwa osowa chakudya."

"N'zabwino ndithu. Inu mupereke, ndi thukuta lanu la kuchipatala limenelo. Nanga ine? Chiyambire unyamata wanga sindinalowepo m'nyumba ya Mulungu tsiku la Masika nditasenza dengu la munthu wina."

"Ndiye mutani, poti munda mulibe?"

"Ndikasowa changa, ndikhala pakhomo."

Tonse tinkadziwa kuti agogo sanajombepo kutchalitchi ngakhale pa malungo, kupatula chaka cham'mbuyo mwake pamene Masika anawapeza atagona ndi chifuwa, ndipo ngakhale pamenepo anapempherera pabedi atavala tayi. Munthu wotereyu akati akhala pakhomo, ndiye kuti chinachake chathyoka m'kati mwake. Kenako agogo anayang'ana pawindo, n'kumwetulira pang'ono. "Koma munda ndili nawo," anatero. "Uli apo."

Tinathyola maapoziwo ine ndi iwo. Anali aakulu ngati nkhonya ziwiri, obiriwira, olemera m'dzanja. Agogo anapukuta limodzi pamalaya, n'kuluma. Nkhope yawo inakwinyika ngati ya mwana amene wadya bwemba koyamba.

"Sanapse," anatero atalavula. "Dzuwa la kuno ndi laulesi. Tiwavundika."

Anachita monga ankachitira ndi nthochi kumudzi. Anawakulunga m'manyuzipepala, n'kuwaika m'thumba, n'kuwafunditsa bulangete, n'kuwalowetsa m'kabati yofunda momwe munali thanki ya madzi otentha. M'mawa uliwonse, atatha kupemphera, ankatsegula kabatiyo, kutulutsa limodzi, kulidina ndi chala chachikulu, kulinunkhiza. Amayi sanathe kuwalangiza, chifukwa nawonso maapozi ankawadziwa a m'sitolo okha. Masiku anapita. Khungu linayamba kuchita mafuta, ena anayamba kuda m'mbali, tintchentche tinayamba kuuluka m'khonde, koma kuwawasa kunali komwe kuja.

Lachisanu, Masika atatsala pang'ono, ndinabwera kusukulu n'kupeza suti yawo, imene anali atasita kale, yabwezedwa m'wadirobu. Iwo anali atakhala pabedi, manja ali pamawondo.

"Ndasamalira mkuyu wonyenga, Nabanda," anatero. "Nyamula mbali iyo, tikataye."

Tinatsika nalo thumbalo mpaka kumabini a kubwalo. Tisanatsegule chivindikiro tinamva ndodo ikugogoda galasi. Anali Mayi Kerr, akutikodola pawindo la khitchini yawo. Agogo ankadziwa Chingerezi cha kusukulu ya mishoni, koma cha Mayi Kerr chinkawathawa, choncho ine ndinali womasulira. Nditawafotokozera za kabati ndi bulangete, mayiwo anaseka mpaka anagwira sinki, misozi ikutsika.

"Akuseka chiyani mayiwa?" anafunsa agogo, nkhope ili gwa.

"Akuti munawafunditsa bulangete ngati khanda, agogo."

"Uwauze kuti nthochi zonse za ku Mchinji zinapsa choncho."

Mayi Kerr anapukuta maso, n'kundigwira paphewa. "Uwauze agogo ako kuti awa ndi maapozi ophika. Ngakhale atawagoneka mpaka Khirisimasi sangatsekemere. Amenewa amapsa ndi moto basi. Lowani, akulu inu, ndipo musaponde mphaka."

M'khitchini mwawo munali mofunda, monunkhira tiyi. Mayi Kerr anasankha m'thumba muja apozi limodzi losavulala, n'kulitsuka. Ndi kampeni kakang'ono anaboola pamwamba n'kukolowola mtima wake wa njere, koma osabowoleza pansi, kuti zoikamo zisatayike. Kenako analemba mzere ndi nsonga ya mpeni kuzungulira pamimba pake, kungocheka khungu lokha. Anati ukapanda kutero limaphulika mu uvuni. M'dzenjemo anathiramo mphesa zouma zosakaniza ndi shuga wabulawuni ndi sinamoni, n'kutsendera ndi chala, pamwamba n'kuikapo kabatala. Anathira timadzi pang'ono m'thireyi, n'kulowetsa mu uvuni. Ntchito yonse inali yomweyo. Agogo anayang'anitsitsa chilichonse, osaphethira, monga ankamvetsera ulaliki.

Tinamwa tiyi tikudikira. Fungo litadzaza nyumba, mayiwo anatulutsa thireyi. Apozi lija linali litatupa, khungu litatseguka pamzere uja, m'kati mukuoneka moyera ndi mofewa ngati thonje, msuzi wa shuga ukuwira pansi pake. Agogo anatseka maso, n'kuyamika Mulungu chifukwa cha chakudyacho, n'kulowetsa supuni. Anatafuna nthawi yaitali.

"Nabanda, uwauze mayiwa kuti ndagonja," anatero. "Uwauzenso kuti Mulungu awadalitse. Koma usawauze ichi: muli chosowa."

Loweruka m'mawa ndinadzutsidwa ndi phokoso la chiwaya. Nditalowa m'khitchini ndinapeza chitini chija chili patebulo, chotsegula, chopanda kanthu. Mtedza wonse wa mbewu unali pamoto, agogo akuuvundula ndi mthiko. Utapsa anaufikisa m'manja mwawo, n'kutsegula windo, n'kuuzira makoko kunja, timakoko tofiira tikuuluka pamwamba pa zingwe zoyanikira zovala. Mtondo tinalibe, choncho anauphwanya ndi botolo pathabwa. Pamenepo amayi analowa kuchokera kuntchito, akadali m'yunifolomu, n'kuima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Bambo! Si mbewu ija imeneyi?"

"Ndi yomweyo."

"Nanga mukabwerera mukadzala chiyani? Mtedza ulipo m'sitolo, ndikanakugulirani."

"Wa m'sitolo analima ndani?" Anapitiriza kugubuduza botolo. "Naphiri, mbewu ikagona m'chitini mvula ziwiri, mphamvu yake imatha. Ine mlimi ndimadziwa zimenezo. Ndimangokana kuuza mtima wanga. Mtengo uja ndaugwirira ntchito, inde, koma anadzala ndi mwamuna wa eni. Uwu wokha ndiwo wanga weniweni, ndinaulima ndi mayi anu. Kodi ndikapereke kwa Ambuye za pamwamba, zabwino ndibise pansi pa bedi?"

Amayi anaika chikwama pansi. Anasamba m'manja, n'kutenga kampeni, n'kuyamba kukolowola maapozi amene anapulumuka m'kabati muja.

Lamlungu tinawaotcha m'mamawa, lililonse litadzazidwa mphesa zouma, shuga, sinamoni ndi mtedza wa ku Mchinji. Agogo anavala suti ija. Thireyi anaikulunga m'chitenje cha agogo aakazi, n'kuinyamula okha, kukana kuti wina awathandize. M'basi anthu ankatembenuka kufufuza kumene fungolo likuchokera, ndipo bambo wina wachikulire anafunsa ngati tingamusiyireko limodzi. Mayi Kerr, amene sankapita kutchalitchi kulikonse, anabwera nafe atavala chipewa, akuti akufuna kukaona mapeto a ana aja a m'bulangete.

Pakhomo la tchalitchi mayi wina wolandira alendo anatiimitsa mwaulemu. Anati zophikaphika zimapita kukhitchini, kuti zidzadyedwe ndi tiyi mapemphero akatha, ndipo kutsogolo kumapita zitini ndi mapaketi okha. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma agogo anandiletsa ndi diso. Analankhula okha, m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono chija, liwu lililonse lili chilili ngati msilikali. Anati kukhitchini zipita ndithu, koma zikayambe zaonekera kwa Mwini wake. Mayiyo anawayang'ana, n'kuyang'ana chitenje chikutuluka nthunzi, n'kupatuka.

Nthawi yopereka itakwana, ana ndi akulu anapita kutsogolo ndi zitini zawo mwakachetechete, monga amachitira kuno. Agogo anadikira onse atakhala. Kenako anaimirira, n'kukweza thireyi kufika pachifuwa, n'kuyambitsa nyimbo ya Masika ya kwathu, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi. Mzere woyamba anaimba okha. Pa wachiwiri amayi analowa, kenako Amalawi ena amene anali apa ndi apo m'tchalitchimo, anamwino ndi osamalira okalamba, ena atangochoka kuntchito maso ali ofiira. Mayi wina wa ku Ntcheu analephera kudzigwira, analiza nthungululu, mpaka woimba limba anadzidzimuka pampando. Agogo atafika kutsogolo anagwada, mawondo akulira, n'kuika thireyi pakati pa zitini za nyemba, n'kuvundukula chitenje. Fungo linadzaza nyumba ya Mulungu yonse. Abusa anatsika paguwa, n'kuwagwira mkono kuwadzutsa.

Ine, mwana amene ndinkachita manyazi agogo akandilankhula Chichewa pageti ya sukulu, ndinaimirira pabenchi n'kuuza mtsikana wa pambali panga mokweza kuti amenewo ndi agogo anga. Amayi anandikoka diresi kuti ndikhale pansi, koma nawonso nkhope yawo inali kuwala.

Pa tiyi maapoziwo anadulidwa tizidutswa kuti akwanire, ndipo thireyi inabwerera yopalidwa ndi supuni. Mayi Kerr atalawa anagwedeza mutu, n'kunena kuti zaka zonse zimene akhala akuphika maapozi amenewa sanaganizepo za mtedza. Agogo anandigunda ndi chigongono. "Wamva? Tsopano agonja ndi iwo."

Ku Mchinji sanakalimenso. Anakhala nafe mpaka Ambuye anawaitana, ndipo chaka chilichonse cha moyo wawo wotsalawo ankagwada pansi pa mtengo uja, n'kupita kutsogolo ndi thireyi yawo. Sindinawamvenso akunena kuti ndikabwerera. Ankati kuno n'kwathu, kumudzinso n'kwathu.

Lero ndine mayi wa ana anga, amene nawonso amandiyankha ndi mbatata yotentha m'kamwa. Masika akayandikira ndimagula maapozi owawasa aja, n'kukazinga mtedza, n'kuuphwanya ndi botolo ngakhale makina ndili nawo. Pamene moyo wandiwawasa, ndipo ndapemphera nthawi yaitali osaona kusintha, ndimakumbukira kuti pali zipatso zina zimene Mlengi anazipanga kuti zipse ndi moto, ndipo sindifulumira kupita nazo kubini. Chitini chija chili pashelefu ya m'khitchini mwanga. Mwana wanga wamng'ono anandifunsa chifukwa chimene ndimasungira chitini chopanda kanthu. Ndinamuuza kuti agogo ake aakulu anali mlimi, ndipo mbewu yawo yomaliza sinawonongeke ngakhale njere imodzi.