Ntchentche ya m'Bokosi la Njuchi

Amayi ake atamwalira, mnyamatayu anasiya koleji ali chaka chachiwiri. Mabuku anawalongedza m'katoni, katoniyo pansi pa bedi. Abale amene analira mokweza pamaliro sanaonekenso.

Anapeza ntchito yosesa m'nyumba yosungiramo tizilombo touma, tobayidwa ndi mapini m'mabokosi a galasi. Mlonda wa pageti anamupatsa dzina loti Pulofesa.

"Pulofesa, digiri ya tsache ikuyenda?"

"Ikuyenda, achimwene. Fumbi ndikukhoza bwino."

Lamulo la mayi woyang'anira chipindacho linali limodzi: wosesa aone pansi, za m'mabokosi sizimukhudza. Wosesa wakale anachotsedwa chifukwa chotsegula bokosi limodzi lokha.

Tsiku lina akupukuta galasi, anaima. M'bokosi lolembedwa kuti njuchi munali kachilombo kakakulu, kaubweya, kamizere yachikasu. Anakadziwa.

Amayi ake ankalima maluwa ogulitsa. Ali mwana, kotereka kanaima m'malere pafupi ndi mphuno yake, iye n'kukuwa. Amayi anaseka. "Iwe, usathawe chovala. Werenga mapiko. Njuchi ili ndi anayi, aka kali ndi awiri. Ndi ntchentche, ilibe mbola. Imatigwirira ntchito m'maluwamu."

Milungu itatu anakhala chete. Ntchitoyo inali yokhayo imene anali nayo. Koma m'mawa uliwonse kachilomboko kankamuyang'ana ndi maso ake aakuluwo, kali pakati pa eni bokosi, pansi pa dzina losakhala lake.

Lolemba lina anatsamiritsa tsache kukhoma.

"Pepani, mayi. Bokosili sindinatsegule. Koma kachilombo kachitatu ako si njuchi."

Mayiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anatsegula bokosi yekha, n'kuwerama.

"Wakuuza ndani?"

"Amayi anga."

"Anaphunzira kuti?"

"Sanaphunzire. Ankalima maluwa."

Mayiyo anakoka mpando. "Khala apa. Kuli mabokosi khumi a ntchentche zotere amene palibe wawayang'ana. Ukamaliza kusesa, uziwayang'ana limodzilimodzi."

Sizinali zophweka. Ntchentchezi zili mitundumitundu: zina zimafanana ndi njuchi, zina ndi mavu. Mphutsi za zina zimakulira m'chisa cha mavu n'kumadya zinyalala za momwemo, za zina m'mphako za mitengo yowola. Analakwitsa kambirimbiri. Tsiku lina anathyola mwendo wa kamodzi, n'kuganiza kuti basi ntchito yatha. Mayiyo anangomupatsa guluu.

Anatulutsa katoni ija pansi pa bedi. Mabuku ankanunkha chinyezi, koma ankawerengeka.

Patatha zaka ziwiri, tsache analisiyira wina. Lero ndiye amalandira ophunzira a kukoleji, kuwaonetsa maso aakulu, tinyanga tatifupi ndi mapiko awiri. Mlonda uja amamutchabe Pulofesa, koma tsopano amayamba wavula chipewa.

Amayi ake sanaone zimenezi, ndipo palibe mawu amene angakonze pamenepo. Ophunzira akafunsa buku limene anaphunziramo, iye amati, "Werengani mapiko," n'kuyang'ana pawindo kanthawi.

Inu amene mwaika mabuku pansi pa bedi, inu amene mwatsala nokha: chimene wokondedwa wanu anakusiyirani m'mutu sichinakwiriridwe naye. Ikafika nthawi, tsamiritsani tsache kukhoma, muyankhule. Mtima wanuwo, ngakhale wasweka, musautaye.