Chipsera cha Abiti Juma

Ndikakumbukira Abiti Juma, ndimamva fungo la sopo ndi la makala a m'simbi. Anali aneba athu ku Sadzi, ndipo ankachapa nsalu za odwala kuchipatala chachikulu, komwenso ankaphunzitsako anamwino ndi madokotala. Manja awo anali otuwa, ong'aluka chifukwa cha madzi, ndipo m'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke paphiri, tinkamva mapatapata awo akudutsa kuseri kwa nyumba yathu. Ankati chipatalacho anachiona chikukula ngati mwana, wodi ndi wodi.

Ndili Sitandade 4, mayi anga anatupa mimba. Adokotala anati muli chotupa chofunika opaleshoni, ndipo anawagoneka. Koma kutacha, adokotalawo atabwera ndi gulu la ophunzira, timabuku kumanja, n'kuzungulira bedi, mayi anamanga katundu pachitenje n'kuthawa wapansi mpaka kunyumba. Anati iwo si nsalu yoti ana asukulu aziphunzirirapo kusoka. Bambo anachonderera, amayi a mvano anabwera kudzapemphera, koma mayi anakanitsitsa, n'kumangowonda.

Lachisanu lina masana Abiti Juma analowa osaodira n'komwe. Anandituma kokatunga madzi, koma ine Esinati ndinabisala kuseri kwa chitseko. Abiti Juma anakhala pamphasa, n'kumasula chitenje chawo. Pamimba pawo panali chipsera chachitali, chokhota, chochokera pamchombo.

"Amake Esinati, taonani kukhotaku. Anawo anaphunzirira kale pa ine. Inu akakusokani mowongoka."

Mayi anaseka mpaka kugwira pomwe pankawawapo. "Ndiye kuti kope lawo munali inu?"

"Kope loyamba. Dzukani, mashiti a pabedi panu ndasita ndekha."

Mayi anabwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Abiti Juma, Msilamu wosadziwa nyimbo zathu, ankati akaweruka n'kukakhala gadiyani wawo, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala, mpaka anatuluka. Ambuye ndi abwino, mayi anakhala ndi moyo mpaka kubereka kumbuyo ana anga onse anayi. Chipsera chawo chinali chowongoka ndithu, ndipo awiriwo ankanyozana nazo mpaka ukalamba.

Chaka chatha shuga anandigoneka kuchipatala chomwecho. Kunabwera mtsikana wophunzira kudzandibaya, ndipo kawiri konse singano inaphonya mtsempha. Anayamba kupepesa, misozi ili m'maso. Mashiti a pabedipo ankanunkhira sopo. Ndinapemphera chamumtima, n'kutambasula mkono winawo.

"Yesanso apa, mwana wanga. Sindithawa."